Ulendo wa Mbidzi za ku Nyika ndi Udindo Wathu Ife Amayi

Sabata ino tiyambe tayika pambali nkhani za kaphikidwe ndi kasokedwe, tikambirane za nyama ina yokongola imene imakhala kumtunda kuno, pamwamba pa phiri la Nyika. Nyamayo ndi mbidzi. Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kufunsa mumtima kuti, "Kodi mbidzi ikundikhudza bwanji ine, mayi wosowa ndiwo ndi fizi ya ana?" Dekhani, amayi, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukawerenga mpaka kumapeto mudzaona kuti ulendo wa mbidzi umadutsa pafupi ndi mphika wanu, pafupi ndi chitsime chanu, ndiponso pafupi ndi amuna ndi ana anu.

Nkhaniyi inayamba ndi mkangano m'gulu lathu la amayi muno mu Mzuzu. Mayi wina, amene anapita ku Nyika m'mwezi wa Julayi pocheza ndi abale, anatiuza kuti mbidzi zinatha, pakuti anayenda tsiku lonse naona zitatu zokha. Mayi winanso, amene anapitako m'mwezi wa Januwale, anakanitsitsa nanena kuti iye anaziona zambiri, zikudya msipu pafupi ndi msewu ngati ng'ombe za pamudzi. Aliyense analumbira kuti akunena zoona. Pofuna kuthetsa mlanduwo, tinasonkha ndalama kwa miyezi ingapo, tinachita hayala galimoto, tinanyamula kamba ndi mabulangete, ulendo wa ku Nyika. Kumeneko tinakapeza kuti amayi awiriwo onse ananena zoona. Mbidzi zinali zisanathe ayi, koma zimasamuka potsata nyengo.

Nyika ndi malo otani?

Kuchokera mu Mzuzu munthu amadzera ku Ekwendeni, nafika pa boma la Rumphi, napitirira ku Bolero mpaka pa chipata cha Thazima. Kuchokera pamenepo msewu wafumbi umakwera mokhotakhota kukafika ku Chelinda, kumene kuli nyumba zogona alendo pafupi ndi nkhalango ya mitengo ya paini imene inabzalidwa m'zaka za m'ma 1950. Nyika ndiyo inali yoyamba m'dziko muno kukhazikitsidwa ngati malo aakulu a boma osungirako nyama. Izi zinachitika m'chaka cha 1965, ndipo mu 1978 malire ake anafutukulidwa kotero kuti tsopano kukula kwake kumapitirira masikweya kilomita 3,000. Chigawo chaching'ono cha phirili chili m'dziko la Zambia.

Mukafika pamwamba mumayesa kuti mwalowa dziko lina. Kulibe mitengo yambiri monga tinazolowera kwathu, koma zitunda za udzu wokhawokha zotsatana mpaka pamene maso alekezera, ndi tinkhalango tobiriwira m'makwawa. Malo ambiri ndi okwera mamita oposa 2,000, ndipo nsonga yotchedwa Nganda imapitirira mamita 2,600. Inu amene mumadandaula ndi chisanu cha mu Mzuzu m'mwezi wa Juni, dziwani kuti chathuchi n'chamasewera. Kumeneko usiku wina madzi amaundana, ndipo m'mawa udzu umayera mbuu ngati wawazidwa ufa. Pamodzi ndi mbidzi pamakhala ntchefu, chilembwe, mphoyo, mbawala, njiri, afisi ndi anyalugwe. Mu 2017 njovu 34 zinatengedwa ku Liwonde kudzawonjezera zimene zinalipo.

Mbidzi yathu ndi ya mtundu wanji?

Mbidzi zilipo za mitundu itatu pa dziko lapansi, ndipo zonse kwawo ndi kuno ku Africa. Pali mbidzi ya m'mapiri yeniyeni ya ku South Africa, Namibia ndi Angola. Pali mbidzi yaikulu ya makutu otambalala yotchedwa Grevy, ya ku Kenya ndi Ethiopia. Ndipo pali mbidzi ya m'zigwa, imene ili yochuluka koposa zinzake. Yathu ya ku Nyika, ngakhale imakhala pamwamba pa phiri, ndi ya banja lachitatuli. Ophunzira amaitcha mbidzi ya Crawshay, potengera dzina la Mngelezi wina, Richard Crawshay, amene anakhalapo kumpoto kuno m'zaka za m'ma 1890. Imadziwika ndi mizere yake yopyapyala ndi yothithikana, yotsika mpaka ku ziboda. Abale ake amapezekanso ku chigwa cha Luangwa m'Zambia ndi ku Niassa m'Mozambique. Ku Nyika mbidzizi zimawerengedwa m'mazana, osati m'zikwi, choncho imodzi ikatayika pengo lake limaoneka.

Chimene chinatigwira mtima ife amayi ndi makhalidwe a banja la mbidzi. Banja limodzi limakhala ndi yamphongo imodzi, zazikazi zingapo ndi ana awo. Poyenda, imene imatsogolera ndi yaikazi yaikulu, zinzake ndi ana zikutsata pambuyo, ndipo yamphongo imakhala kumapeto kuyang'anira adani. Mlonda wa nyama amene anatiperekeza atanena zimenezi, amayi onse anaseka chikhakhali, wina nati nkhaniyi akaifotokoza kunyumba madzulo omwewo. Koma pambali pa nthabwala pali phunziro. Yaikazi yaikuluyo ndiyo imakumbukira njira, madambo a madzi ndi malo obisalira mphepo. Ikafa pa msampha, banja lonse lataya nkhokwe ya nzeru, monga umo mudzi umasowera pogwira agogo akatisiya.

Mbidzi imakhala ndi bere kwa chaka chathunthu, mwina kupitirirako pang'ono, ndipo imabereka mwana mmodzi yekha. Kamwanako kamaimirira lisanathe ola limodzi. Masiku oyamba make salola mbidzi ina kuyandikira, kufikira mwanayo atazolowera fungo lake, kulira kwake ndi mizere yake. Pakuti palibe mbidzi ziwiri zofanana mizere, monga momwe palibe anthu awiri ofanana chidindo cha chala. Taganizani tsono, amayi: nyama yobereka mwana mmodzi pa chaka siingachulukane msanga monga nkhuku kapena mbuzi. Kuitha n'kosavuta, koma kuibwezera kumatenga zaka zambiri.

Kalendala wa mbidzi

Tsono tiyeni titsate ulendo wake chaka chonse. Mvula ikayamba, cha m'Novembala kapena Disembala, zitunda za pamwamba zimaphuka msipu wanthete. Pamenepo mbidzi, ntchefu ndi chilembwe zimasonkhana pamtunda poyera, ndipo munthu amaziona m'magulu akuluakulu. Imeneyi ndiyo nyengo ya mwanaalirenji, pamene zazikazi zoyamwitsa zimapeza chakudya chokwanira ndipo ana amanenepa. Ndiyonso nyengo imene maluwa a ku Nyika amachita kudzaza m'madambo, makamaka mu Januwale ndi Febuluwale. Mnzathu uja anapita nthawi imeneyi, n'chifukwa chake anabwerako akusimba lokoma.

Mvula ikatha, kuyambira cha mu Meyi, mphepo yozizira imayamba kuomba. Udzu umakhwima, nuuma, ndipo chisanu cha usiku chimautentha ngati moto. Pamwamba palibe mitengo yotchinga mphepo. Tsono nyama zambiri zimatsikira kumunsi, m'mapiri otsetsereka ndi m'zigwa, mmene muli mitengo ya mombo ndi masuku, mmenenso muli motentherako ndipo udzu sunapserere. M'menemo magulu amagawikana, ndipo nyama zimabisika m'mitengo. Si zonse zimene zimatsika, koma zotsala zimakhala zochepa, ndipo n'zimene anaona mnzathu wa mu Julayi uja. Kukayamba kufunda, ndipo pa lupsa pakaphuka msipu, zimayambanso kukwera pang'onopang'ono, kufikira mvula itazibwezera zonse pamwamba.

Palibe chachilendo pamenepa. Ngakhale abusa a ng'ombe amadziwa kuti dzinja ziweto zimadya kumtunda, ndipo chilimwe zimatsikira kudambo. Ifenso timasiya munda wa kumtunda tikakolola, n'kupita kudimba. Mbidzi imafuna zinthu zitatu: udzu, madzi akumwa pafupifupi tsiku ndi tsiku, ndi pobisalira. Zinthu zitatuzi sizipezeka malo amodzi chaka chonse, choncho iyenera kuyenda. Munthu wofuna kusunga mbidzi ayenera kusunga malo ake a dzinja, malo ake a chisanu, ndi njira ya pakati pake. Kusunga mbali imodzi yokha kuli ngati kufolera theka la nyumba.

Amazilondola bwanji?

Apa m'pamene pagona ntchito yolondola mayendedwe a nyama. Njira yoyamba ndi yakale, ya makolo athu. Alonda a nyama, amene ambiri timangowatcha agemu, amayenda pansi masiku angapo, akugona m'tchire, akuwerenga mapazi, ndowe ndi udzu wodyedwa. Akaona gulu amalemba tsiku, malo, kuchuluka kwake, ndi ana amene alipo. Kale ankalemba m'kabuku, koma masiku ano amagwiritsanso ntchito timakina ta m'manja tosonyeza malo enieni pamene munthu waima. Kuyambira mu 1997, gulu lina lotchedwa Biosearch, la anthu odzipereka ochokera ku Britain, linkabwera kudzayenda ndi alondawa m'zigwa zakutali za Nyika, kuwerenga zizindikiro za nyama ndi za osaka mozemba.

Njira yachiwiri ndiyo kuwerenga nyama kuchokera m'ndege yaing'ono, imene imauluka motsika m'mizere yowongoka, anthu a m'katimo akuwerenga za kumanja ndi za kumanzere. Zimenezi zachitikapo ku Nyika nthawi ndi nthawi. Koma taonani kufunika kodziwa nyengo: wowerenga pamwamba mu Julayi adzalemba kuti nyama zatha, pamene zili phee m'mitengo kumunsi. Safunsa anadya phula. Chiwerengero cha chaka chino chimafanizidwa ndi cha chaka china pokhapokha ngati zonse zinatengedwa nyengo yofanana.

Njira yachitatu ndi ya lamba wa m'khosi. Dokotala wa nyama amalasa mbidzi ndi jakisoni wogonetsa, naimanga lamba wokhala ndi kawailesi, kenaka naidzutsa ndi mankhwala ena. Kawailesiko kamatumiza uthenga kudzera pa satelaiti, ndipo munthu ali mu ofesi amaona pa kompyuta pamene nyamayo yagona, pamene yamwa madzi, ndi njira imene yadzera. Popeza banja limayenda pamodzi, lamba mmodzi amaulula ulendo wa banja lonse. Njira yachinayi ndi ya zithunzi. Pokhala kuti mizere ya mbidzi iliyonse ndi yakeyake, kompyuta imatha kuzindikira kuti iyi yajambulidwa lero ndi yomwe ija inajambulidwa chaka chatha kutsidya kwa phiri. Ku Kenya, mu 2016, anthu wamba mazanamazana anatuluka masiku awiri kukajambula mbidzi za Grevy kuti ziwerengedwe mwa njira imeneyi. Kumenekonso bungwe la Grevy's Zebra Trust linalemba ntchito anthu a m'midzi, ambiri mwa iwo amayi, kuti azilemba mbidzi zimene akumana nazo poyenda m'dera lawo. Sipafunika digiri kuti munthu aone ndi kulemba zoona.

Zimene malamba anaulula ku maiko ena

Mu 2012 ofufuza anamanga malamba mbidzi zazikazi zisanu ndi zitatu m'mphepete mwa mtsinje wa Chobe, pa malire a Namibia ndi Botswana. Anthu a kumeneko ankadziwa kuti mvula ikagwa mbidzi zimasowa, koma kumene zimapita sikunkadziwika bwino. Malambawo anasonyeza kuti zinayenda makilomita pafupifupi 250 kulowera kumwera, mpaka ku malo otchedwa Nxai Pan, ndipo mvula itatha zinabwerera. Ulendo wonse ndi makilomita pafupifupi 500, ndipo pamene zotsatirazi zinalengezedwa mu 2014, unatchedwa ulendo wautali koposa wa nyama za pamtunda umene unali utadziwika mu Africa.

M'dziko lomwelo la Botswana munachitikanso chodabwitsa china. Mu 1968 kunamangidwa mpanda wa waya woteteza ng'ombe ku matenda, ndipo unatseka njira ya mbidzi yochokera ku Okavango kupita ku Makgadikgadi. Mpandawo unachotsedwa mu 2004, patapita zaka 36. Posakhalitsa mbidzi zinayambanso kuyenda ulendo womwe uja, ngakhale kuti zimene zinaudziwa kale zinali zitafa. Phunziro lake ndi lakuti njira ikatsegulidwa, ndipo nyama zikadalipo, chilengedwe chimadzichiritsa chokha.

Koma nyama zikatheratu palibenso mankhwala. Ku South Africa kunali mbidzi ina yotchedwa quagga, ya mizere kutsogolo kokha. Alenje anaisaka mpaka inatha m'tchire, ndipo yomaliza inafera m'khola la zoonetsa mumzinda wa Amsterdam mu 1883. Madzi akatayika saoleka. Mbidzi ya m'mapiri ya ku Cape inatsala pang'ono kutsata njira yomweyo. Mu 1937 boma linaipatulira malo pafupi ndi tauni ya Cradock, komabe cha m'ma 1950 zinali zitatsala zosakwana 100. Chifukwa cha kusamala kwa zaka zambiri, pofika mu 2015 zinali zitapitirira 4,000. Nkhani ziwirizi zili patsogolo pathu ngati mphambano, ndipo ife tiyenera kusankha njira imene mbidzi ya ku Nyika idzatsate.

Pamene ngozi ili

Pamwamba poyera mbidzi imakhala pabwino, chifukwa mdani amaonekera patali ndipo alonda ali pafupi. Ngozi yaikulu imabwera m'miyezi ya chisanu, pamene yatsikira kumunsi, kufupi ndi malire ndi midzi. Nthawi imeneyo anthu amakhala atakolola, ntchito ya kumunda yachepa, ndipo ena amalowa m'tchire ndi mfuti zachikunja, agalu ndi misampha ya waya. Msampha susankha. Umagwira yamphongo, ya bere, ngakhale kamwana. Nyama ina imadula wayayo n'kumayenda nayo m'khosi kapena pa mwendo, ikuwola pang'onopang'ono kufikira itafa. Alonda akadziwa zigwa zimene nyama zimatsikira ndi mwezi wake, amapita kukachotsa misampha nyamazo zisanafike. Imeneyi ndiyo phindu loyamba la kulondola mayendedwe awo.

Ngozi yachiwiri ndi moto. Oyang'anira malowa amatentha zigawo zina mwadala udzu usanaumitsitse, kuti moto ukhale wofatsa ndipo msipu uphuke. Koma moto wolusa wa mu Seputembala ndi Okutobala, woyatsidwa ndi osaka, umapsereza dera lalikulu tsiku limodzi, nulowa m'tinkhalango ta m'makwawa mmene mumachokera akasupe. Ngozi yachitatu ikutikhudza ife amayi mwachindunji, ndiyo kukumba chinaka, chimene anzathu a ku Zambia amachitcha chikanda. Ku Nyika kuli mitundu yoposa 200 ya maluwa a banja limeneli, ndipo ina mwa iyo ndiyo imakumbidwa mizu yake. Chinaka n'chokoma, sindikana, koma wokumba akazula zonse osasiyako mbewu, dambo limasanduka chipululu cha maenje, ndipo chaka chamawa iye yemwe adzasowa chokumba.

Mwina mukuti zonsezi zili kutali ndi Mzuzu. Koma kumbukirani kuti Nyika ndi mtsuko wa madzi wa chigawo chino. Udzu ndi madambo ake zimamwa mvula, n'kumaitulutsa pang'onopang'ono chaka chonse. Mitsinje ya North Rukuru, North Rumphi, Chelinda, Runyina ndi Wovwe imachokera kumeneko. Madzi a Wovwe amapukusa makina a magetsi, nathiriranso minda ya mpunga m'boma la Karonga, ndipo mpunga wa ku Karonga ndi umene timaunyadira pa ukwati ndi pa Khirisimasi. Ife a mu Mzuzu tikudziwa mmene damu la Lunyangwa limadalirira nkhalango ya Kaning'ina. Chomwechonso anzathu a ku Rumphi ndi Karonga amadalira Nyika. Malo amene mbidzi ikukhala bwino ndi malo amene madzi akusungika bwino.

Tisabise chilonda

Pokamba zimenezi sindifuna kukhala ngati woiwala misozi ya anthu. Pamene malire anafutukulidwa mu 1978, mabanja ambiri, makamaka a mtundu wa Aphoka, anasamutsidwa m'midzi yawo, nasiya minda ndi manda a makolo. Zigwa zimene mbidzi zimatsikirako lero, zina zinali midzi ya anthu. M'gulu lathu muli mayi amene agogo ake anachoka kumeneko atasenza katundu pamutu, ndipo mpaka lero akaikamba nkhaniyi mawu amanjenjemera. Palinso alimi a m'malire amene anyani, nguluwe ndi njovu zimawathera chimanga. Munthu wotere ukamuuza kuti akonde nyama, uyenera kuyamba wamva kaye dandaulo lake.

N'chifukwa chake kasungidwe ka masiku ano kamayesa kuyendera pamodzi ndi anthu. Pali bungwe la midzi yozungulira lotchedwa Nyika-Vwaza Association, limene limalankhulira anthu ndi kulandira gawo la ndalama zimene malowa amapeza, kuti zigwire ntchito za chitukuko. Magulu a alimi a njuchi amaloledwa kupachika ming'oma m'katimo, ndipo uchi wa ku Nyika ndi wodziwika. Mu 2015 Malawi ndi Zambia anasainirana pangano losamalira pamodzi malo a nyama a m'malire, pozindikira kuti nyama siidziwa pasipoti. Mu 2023 boma lathu linagwirizana ndi bungwe la Peace Parks Foundation kuti ayendetse limodzi Nyika ndi Vwaza kwa zaka 20. Mapangano alembedwa, koma kuti phindu lake lifike pa khomo la mayi wamasiye wa ku Thazima, pafunika amayi olimba mtima okhala m'makomiti, ofunsa kuti ndalama zalowa zingati ndipo zagwira ntchito yanji.

Tsono ife tichitepo chiyani?

Choyamba, tiyang'ane mphika wathu. Nyama yowamba yobwera mobisa m'matumba, yogulitsidwa monong'ona kuseri kwa nyumba, wogula wake kawirikawiri ndi ife amayi. Ine ndemwe ndinagulapo kale, posadziwa, chifukwa inali yotsika mtengo. Koma wosaka sangatchere msampha ngati palibe wogula. Ndiponso nyama yotere palibe dokotala amene waiyeza. Mu 2011, m'boma la Chama m'Zambia, loyandikana nafe, anthu mazana angapo anadwala matenda a anthrax atagwira ndi kudya nyama ya mvuu zofa zokha, ndipo ena anamwalira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndi bwino kudyetsa ana nyemba, usipa kapena mazira, kusiyana ndi nyama yosadziwika imfa yake.

Chachiwiri, tilankhule ndi amuna athu ndi ana athu aamuna, mwaulemu koma mosabisa. Lamulo la nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017, ndipo pa milandu yaikulu kwambiri munthu angathe kukhala m'ndende mpaka zaka 30. Wosunga kapena wogula nyama yosaloledwa nayenso ali ndi mlandu. Bambo akamangidwa, amene amatsala ndi ana, ngongole ndi munda wosalima ndi mayi. Mwendo umodzi wa nyama sungalipire zaka za umasiye wa mwamuna ali moyo. Mukaona waya wa mabuleki a njinga akusonkhanitsidwa pakhomo popanda njinga yoti ikonzedwe, funsani msanga. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Chachitatu, magulu athu akhale ndi njira zopezera ndiwo ndi ndalama: kuweta nkhuku, akalulu, mbira ndi nkhunda, kulima soya ndi ndiwo zamasamba, kupachika ming'oma ya njuchi, ndi kusunga ndalama ku banki m'khonde. Njala ndiyo imatuma munthu kutchire, ndipo ulaliki wopanda chakudya sumveka. Chachinayi, tisamale moto. Tiletse ana kutentha tchire posaka mbewa, ndipo tilambule m'mbali mwa minda tisanatenthe mapesi. Chachisanu, inu a m'midzi ya m'malire, maso anu ndi chuma. Mumapita kunkhuni, kumadzi ndi kubowa, ndipo mumaona zimene wa mu ofesi saziona. Gulu lanu likhale ndi kope limodzi, muzilemba tsiku, malo, nyama imene mwaona ndi kuchuluka kwake, kenaka muzipereka kwa alangizi a zanyama kapena ku komiti ya m'mudzi. Mukaona nyama yovulala ndi waya, kanene msanga. Mutu umodzi susenza denga.

Chomaliza, tiwaonetse ana athu. N'zomvetsa chisoni kuti alendo amawoloka nyanja zamchere kudzaona mbidzi za ku Nyika, pamene mwana wobadwira ku Chibavi kapena ku Zolozolo amaidziwira pa chithunzi cha m'buku ndi pa mizere yowolokera msewu. Kambiranani ndi aphunzitsi ndi a mipingo, sonkhani pang'onopang'ono, ndipo funsani ku ofesi ya zanyama za mtengo wolowera, pakuti nzika za dziko lino zimalipira mocheperapo kusiyana ndi alendo akunja. Mukafuna kuona magulu aakulu, pitani nyengo ya mvula kapena itangotha kumene, koma funsiranitu za msewu, ndipo musaiwale majuzi.

Tsiku lomwe tinkachoka ku Chelinda, m'mawa nkhungu isanayere, banja lina la mbidzi linadutsa msewu patsogolo pa galimoto lathu. Patsogolo panali yaikazi yaikulu, pambuyo pake kamwana ka mizere yofiirira kakudumphadumpha, ndipo yamphongo inaima kutiyang'ana kufikira onse atawoloka. Amayi awiri okangana aja anagwirana chanza, mlandu unathera pomwepo. Pobwerera tinapangana kuti m'nyumba zathu simudzalowanso nyama ya m'matumba, ndipo pangano limeneli tikulisungabe. Ndikupemphani kuti nkhaniyi mukaiwerenge pa msonkhano wa gulu lanu, mukambirane, ndipo mutilembere maganizo anu, makamaka inu a ku Rumphi, Chitipa ndi Karonga amene mumakhala moyandikana ndi nyamazi.